Dzanja la Mwini pa Gitala

Ife aphunzitsi tiri nacho chinthu chimodzi chimene tichidziwa koposa anthu a nchito zina, ndicho dzanja la mwana. Ana akayamba sukulu tiwalembera zilembo pa bolodi, ndipo onse, angakhale adzaze chipinda mpaka pakhomo, ayang'ana bolodi lomwelo nalemba chilembo chomwecho. Palibe mmodzi amene timuuza kuti, "Iwe upendeketse zilembo zako, ndipo iwe uzinenepetse." Koma zikapita zaka zitatu kapena zinai, ndikakhala pansi madzulo ndi mulu wa makope, sindifunanso kuona dzina pa chikuto. Nditsegula tsamba, ndipo pomwepo ndimdziwa mwini wake, monga ndizindikira mayendedwe a mkazi wanga ali patali pa njira ya kudambo.

Nkhani imene ndifuna kukamba nanu mwezi uno, abale anga owerenga, iri ya dzanja lomweli, koma pa gitala. Anyamata ambiri m'midzi mwathu ali nao magitala tsopano, ena ogula, ena osema okha, ndipo kawirikawiri andifunsa kuti, "Aphunzitsi, tichite chiani kuti tikhale ndi kaimbidwe kathukathu?" Kale ndinali kuwayankha msanga monga munthu wodziwa. Tsopano ndichedwa kuyankha, pakuti pa nkhani iyi ndinalakwa kawiri: poyamba ndinadzilakwira ndekha, ndipo pambuyo pake ndinalakwira mwana wa eni.

Gitala yoyamba imene ndinaikhudza inali ya amalume anga, amene anabwera nayo pochokera ku nchito ku Bulawayo. Inali kukhala pa msomali pamwamba pa kama wao, ndipo mwana sanali kuloledwa kuiyandikira. Ine ndinali kudikira kuti apite kumunda, ndi kukwera pa mpando kukaikodola ndi chala chimodzi. Tsiku limene nsambo inaduka m'manja mwanga ndinalandira zimene ndinayenera kulandira, ndipo kuyambira pamenepo ndinadzipangira banjo monga anali kuchitira anyamata onse: chitini cha mafuta, mtengo wosema, ndi nsambo za mawaya a mabuleki a njinga. Masiku amenewo m'nyumba mwathu munali wailesi, ndipo woimba amene anatenga mtima wanga ndiye Daniel Kachamba. Iye anamwalira m'chaka cha 1987, ine ndikali mwana wa sukulu, osamuona ndi maso. Koma ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndidzaimba monga iye.

Ku sukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa kuwerenga nyimbo ndi do, re, mi, ndipo komweko ndinapeza kabuku kosonyeza poika zala pa khosi la gitala. Malipiro anga oyamba atatuluka, ndinagula gitala ndisanagule mipando, chinthu chimene amai anga sanachiiwale kufikira imfa yao. Ndinagulanso makaseti. Usiku uli wonse, nditatha kuchonga makope, ndinali kumvera kachigawo kamodzi ka nyimbo, ndi kuzimitsa, ndi kuyesa, ndi kubweza tepi ndi cholembera kuti mabatire asathe msanga. Ndinachita chotero zaka zisanu, ndipo makolo sananame ponena kuti mphini yobwereza ndiyo iwala: zala zanga zinafika ponse pamene ndinazituma.

Tsono pa ukwati wa mphwanga anandipempha kuti ndiimbe. Anthu anavina fumbi koboo, akazi naliza nthungululu, ndipo mtima wanga unakwera pamwamba. Pakutha pake nkhalamba ina, imene inaonapo Kachamba ali kuimba m'misewu ya Blantyre pa unyamata wake, inandikodola, niti, "Aphunzitsi, mwaimba ndithu. Ndinatsinzina, ndipo ndinamuona malemu uja ali chiriri patsogolo panga. Koma nanga inu tidzakumvani liti?" Ndinaseka monga munthu woyamikidwa, ndi kuthokoza. Koma usiku umenewo tulo sitinadze. Ndinatenga gitala nditi ndiimbe kanthu kanga, kangakhale kakang'ono. Ndipo ndikayamba bwino, zala zinali kuthamangira ku njira za mwini wake uja, monga ng'ombe za pangolo zodziwa njira ya kwao, zimene sizimvanso mwini ngolo. Ndinaona kuti zaka zisanu ndinamanga nyumba yokongola pa malo a munthu wina. Ndinakumbuka Davide, amene anali woimba zeze, kuti pamene Sauli anamveka zida zake za nkhondo mnyamatayo analephera kuyenda nazo, nazivula. Ine ndinali nditayenda nazo nthawi yaikulu kotero kuti sindinadziwenso povulira.

Musaganize kuti ndinena kuti kutsanzira ndiko kulakwa. Iai, pakuti Kachamba mwini anayamba potsanzira. Anabadwa m'chaka cha 1947, ndipo pa ubwana wake banja lao linakhala ku Salisbury, kumene tsopano titi Harare. Kumeneko iye ndi mphwake Donald anamva nyimbo za kwela zochokera ku South Africa, zoimba ndi chitoliro chachitsulo, naziphunzira. Atabwera kwao ku Chileka anali kuimba m'misewu, ndipo m'chaka cha 1967 anakomana ndi Gerhard Kubik, munthu wa ku Austria wofufuza za nyimbo, amene anajambula kaimbidwe kao. M'chaka cha 1972 anakaimba ku Ulaya. Kwela siinabadwire ku Chileka. Ngakhale gitala yomwe ndi mlendo m'dziko muno. Inachuluka pamodzi ndi banjo pamene amuna anali kubwera ku migodi ndi ku nkhondo yaikulu imene inatha mu 1945. Ku Congo kunali Jean Bosco Mwenda, amene Hugh Tracey anamjambula mau mu 1952 ku Jadotville, mzinda umene lero uchedwa Likasi. Iye anali kukodola nsambo ndi zala ziwiri zokha, chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mbale zake zinafika kutali, anyamata a maiko ambiri namtsanzira. Ku Zambia kunali Alick Nkhata, amene anali kuimba pa wailesi ya ku Lusaka m'Chibemba ndi m'Chinyanja chathu chomwe. Onsewa anamvera anzao, natola ichi kwa uyu ndi icho kwa uyo, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinasambira dziwe limodzi lokha, ndipo ndinayesa kuti kufanana ndi mwini dziwe ndiko kutsiriza maphunziro.

Nanga tsono anthu awa, amene anayamba potsanzira monga ine, anapatukira pati? Ndalingalira nkhani iyi zaka zambiri, ndipo chinthu choyamba chimene ndiona n'chakuti ambiri a iwo anali ndi kanthu kowaperewera, ndipo sanachite nako manyazi. Gitala ya m'sitolo iri nazo nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo buku liri ndi makungidwe ake amodzi. Kachamba anali kuchotsa nsambo imodzi natsala nazo zisanu, ndipo anali kuzikunga m'njira zakezake malinga ndi nyimbo. Chala chachikulu chinali kugunda mau akuya, chinzake chiri kuyendetsa nyimbo pamwamba, kotero kuti womvera pa wailesi anali kuyesa kuti ali anthu awiri kapena atatu. Ine ndinalimbana zaka ziwiri zoyamba kuti nditulutse mau amenewo ndi makungidwe a m'buku, osadziwa kuti mwini wake anataya buku kale, kapena sanaliona konse. Ena, monga Ndiche Mwarare, anagoneka gitala natsetsereza botolo kapena chitsulo pa nsambo, kaimbidwe kamene titi hauyani, chifukwa kanachokera ku zisumbu za Hawaii. Koma m'manja mwao kanalira Chinyanja. Ku France kunali Django Reinhardt, amene anapsa ndi moto m'chaka cha 1928, zala ziwiri za kumanzere nizipuwala. Anaphunziranso kuyendetsa nyimbo ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo kufikira lero anthu a zala zamphumphu avutika kumtsanzira. Ngakhale a Madalitso Band a ku Lilongwe, amene anayamba kuimba m'misewu nakamveka ku Zanzibar mu 2017 ndi ku Ulaya pambuyo pake, anatuluka ndi gitala ya nsambo zinai, ng'oma yogunda ndi chidendene, ndi babatoni ya nsambo imodzi. Wina akadawapatsa zoimbira za m'sitolo poyamba pomwe, sindidziwa ngati tikadawazindikira pakati pa anzao.

Chinthu chachiwiri ndinachiphunzira mochedwa, ndipo ndinachiphunzira ndi manyazi.

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsa, ndinali kusonkhanitsa ana Lachisanu masana pansi pa mtengo wa mango kuwaphunzitsa zoimba. Akulu ena a mpingo sanakondwe nazo poyamba, pakuti pa unyamata wao gitala inali kuyenda ndi mowa. Koma ataona kuti ana aimba nyimbo zaulemu, anatileka. Mwa anawo munali mnyamata wa Sitandade 7, wofatsa, wosalankhulalankhula, amene anali kukhala ndi agogo ake kutsidya kwa mtsinje. Tsiku loyamba limene ndinampatsa gitala anaimba chinthu chimene chinandikhumudwitsa. Zala zake za kumanzere sizinali kukanikiza nsambo zonse monga linena buku. Zina anali kungozikhudza pang'ono kuti zife mau, ndipo dzanja lamanja linali kukwapula nsambo zonse pamodzi, zamoyo ndi zakufa, nizituluka ndi kaphokoso konga ka lichero popeta. Ndiponso anali kusintha zala nthawi isanakwane. Ine ndiwerenga kuti, "Wani, thu, firii, folo," iye wasintha kale pakati pa firii ndi folo.

Ndinati, "Iwe, zala zako n'zaulesi. Kanikiza nsambo imveke." Anayesa, koma pakuiwala anabwerera kwake. Sabata yachiwiri ndinatenga rula, ndipo nthawi iri yonse nsambo ikafa ndinali kumgogoda pa zala, anzake ali kuseka. Sindinammenye kolimba, koma ndinamgogoda kawirikawiri. Atapita masabata atatu anaimba monga mwa buku, nsambo iri yonse mbee, kusintha pa nthawi yake, ndipo ndinamuyamika pamaso pa onse, nditi, "Taonani chimene chichita khama." Itapita miyezi iwiri analeka kubwera pansi pa mango paja. Ndinaganiza kuti ndi ulesi womwe uja, ndipo sindinamfunse.

Chakumapeto kwa chaka ndinaoloka mtsinje kumka ku mudzi wao pa nkhani ina ya sukulu. Ndisanafike pa nyumba ndinamva kulira kwa bangwe, ndipo miyendo yanga inaima yokha, pakuti ndinamva kaphokoso ka lichero kaja, ndi kusintha kofulumira kuja pakati pa firii ndi folo. Pakhonde panali nkhalamba, thabwa la bangwe liri pa miyendo, mutu wake uli m'chitini chokuza mau. Inu amene munaonapo bangwe mudziwa maimbidwe ake: nsambo zake sizikanikizidwa pa khosi monga za gitala, koma woimba aika zala za dzanja limodzi pa nsambo zimene safuna kuti zimveke, ndipo ndi dzanja linalo akwapula zonse pamodzi. Nyimbo ituluka mwa kupha nsambo zina ndi kusiya zina. Ndipo nkhalambayo inali kusintha zala pamene mau a nyimbo afuna, osati pamene chiwerengero cha buku chifuna. Ndinaima pamenepo, makope ali m'khwapa, ndipo ndinazindikira chimene ndinachigogoda ndi rula. Mwana uja anamva bangwe iyi kuyambira ali kumbuyo kwa amake. Anaitenga naiika pa gitala tsiku loyamba lomwe, wopanda womuuza. Chinthu chimene ine ndinachifuna usiku wa ukwati uja ndi kuchisowa, mwana wa zaka 13 anabwera nacho m'manja, ndipo ine ndinachitcha ulesi.

Atandilonjera, ndinati, "Agogo, ndabwera ndi nkhani ya sukulu, koma ndapeza mlandu wanga. Ndalakwira mdzukulu wanu." Ndinawafotokozera zonse. Iwo anaseka kufikira kutsokomola, nati, "Ine ndinayesa kuti sukulu yamchiritsa nthenda ya bangwe. Wabwera kuno nati zala zake n'zolakwa, ndipo ngakhale iyi saikhudzanso." Mau awa anandilasa koposa a nkhalamba ya pa ukwati ija. Anamuitana mnyamatayo, nakhala pansi chapatali, maso pansi. Sichiri chapafupi kuti mphunzitsi apepese kwa mwana wa sukulu pamaso pa akulu ake, ndipo sindinachite bwino kwenikweni, ndinazungulira mau. Koma mmawa mwake ndinatumiza gitala yanga kutsidyako, kuti ikhale kwao masiku onse a tchuthi, ndi uthenga wakuti aimbe monga aimbira agogo ake.

Kuyambira chaka chimenecho mayankhidwe anga kwa anyamata anasintha. Ndiwauzabe kuti atsanzire, ndipo atsanzire mosamala, pakuti wosadziwa kukunga nsambo kapena kusunga mayendedwe a nyimbo alibe dzanja liri lonse, ali nalo phokoso chabe. Ndipo ndaona ena amene ayesa kuti kuimba zachilendo zosamveka ndiko kukhala ndi kaimbidwe kao. Anthu akalephera kuvina kapena kuyankha nyimbo yako, usafulumire kunena kuti ndi osadziwa. Koma ndiwauza kuti asatsanzire munthu mmodzi. Masiku ano chiyeso chakula, chifukwa pa foni mnyamata aona zala za woimba wa kutali pafupi ndithu, nabwereza chithunzicho kufikira atatenga zonse, ngakhale mapendekedwe a mutu. Ife a makaseti tinali ndi mwai umodzi umene sitinaudziwe: posaona zala, tinali kungoganizira, ndipo poganizira molakwa ena anatulukira njira zatsopano. Chifukwa chake nditi, ukaphunzira nyimbo, tseka foni masiku atatu, uiimbe monga waikumbukira. Pamene waiwala, dzazapo wekha. Ndipo kulakwa kumene kubwera kamodzi ukonze. Koma kukabwera tsiku ndi tsiku pa malo omwewo, usathamange kukuchotsa. Yamba wakumvera, ufunse kumene kwachokera.

Ndiwauzanso za mau. Chinenero chathu chiri ndi nyimbo m'kati mwake: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika alembedwa chimodzimodzi, koma pakunena, mau akwera pa wina natsika pa wina, chomwechonso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la wosaona. Munthu akatenga maimbidwe a nyimbo ya Chingelezi ndi kuthiramo mau a Chichewa mokakamiza, mauwo apindika, ndipo nkhalamba zimva ngati aimba mlendo. Koma ukayamba wanena mau ako mokweza, kawiri katatu, monga ungawanenere kwa mbale wako pabwalo, udzamva kuti akwera pati ndi kutsika pati; pamenepo funa nsambo zotsata njira imeneyo. Popeza palibe anthu awiri olankhula mofanana, wa ku Dedza ndi wa ku Nsanje, wachibwibwi ndi waliwiro, nyimbo yotuluka m'kamwa mwako siingafanane kwenikweni ndi ya mnzako.

Ine mwini ndinayesa njira iyi nditakula kale, zala zitauma m'zizolowezi zao. Sindinapeze zambiri. Ndiri nazo nyimbo zinai zokha zimene ndinganene kuti n'zanga. Yoyamba ndinaipeka amai anga atamwalira. Ndinalibe mtima woonetsa luso, ndipo chala chachikulu chinangoyamba kugunda nsambo ziwiri zakuya mosinthana, pang'onopang'ono; patapita masiku ndinazindikira kuti ndi misi iwiri mu mtondo umodzi, ya amai ndi ya alongo anga, monga ndinali kuimva mbandakucha ndiri m'bulangeti. Nyimboyo iribe zokometsera, ndipo mnyamata ali yense wa zaka ziwiri pa gitala angaiimbe. Koma mkazi wina wa mu mpingo mwathu anandiuza kuti akaimva ali ku chitsime adziwa kuti aphunzitsi atha kuchonga makope. Kachamba sanatuluke m'zala zanga, ndipo sindifunanso kumtulutsa. Akhala m'menemo monga atate akhala m'nkhope ya mwana.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo apala matabwa pa msika wina wa m'mbali mwa mseu. Gitala anadzipangira yekha, ya nsambo zisanu. Mwezi wathawu ndinatsika minibasi pamenepo dzuwa liri kulowa, ndipo ndinamva lichero lija ndisanamuone. Anali pa benchi kunja kwa shedi yake, anthu atamzinga, amai ogulitsa tomato ali kuyankha nyimbo ali pa malonda ao. Ndinaima kumbuyo kwa anthu kuti asandione, ndi kumvera nyimbo ziwiri zathunthu. Agogo ake anamwalira kale, koma bangwe yao inali pomwepo. Pa nyimbo yachitatu anatukula mutu, maso athu nakomana. Anamwetulira, nandigwedezera mutu mwaulemu, osaleka kuimba. Koma ndinaona zala zake za kumanzere ziri kukanikiza nsambo zonse pansi, iri yonse mbee, ndipo anasintha pa folo penipeni. Anaimba chotero kufikira ndinatsazika ndi kukhota kuseri kwa magolosale; ndipo ndiri pamenepo, wosaoneka, ndinaima pang'ono kudikira, kufikira lichero linayambanso.